Mkangano wa M'mimba mwa Nsomba

Ife tinazolowera nsomba zoikira mazira, ngati chambo chimene chimawasunga m'kamwa mpaka ataswa. Koma m'mitsinje ya ku Mexico, Costa Rica ndi Trinidad muli nsomba zing'onozing'ono za banja la Poeciliidae zimene zimabereka ana amoyo. Yodziwika kwambiri ndi guppy, imene Wilhelm Peters anaifotokoza koyamba mu 1859.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankangofotokoza zimene maso aona. Cha m'ma 1940, C. L. Turner ankatumbula nsombazi n'kulemba za kanthu konga nsengwa kamene mitundu ina ili nako. Mitundu yopanda nsengwa imalongeza chakudya chonse m'dzira umuna usanafike, basi nkhani yatha. Ya nsengwa imayamba ndi kadzira kochepetsetsa, mwana n'kumayamwa kwa make tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake sichinkadziwika.

Njira inatseguka mu 1974, pamene Robert Trivers ananena chinthu chowawa kumva: mayi ndi mwana safuna zofanana. Mwana amafuna zonse, pomwe make amasungirako ana a mawa. Mu 2000 David Zeh ndi Jeanne Zeh anawonjezera kuti kukulira m'mimba n'kumene kumakolezera moto. Nsomba yaikazi imakweredwa ndi amuna angapo ndipo imasunga umuna wawo, choncho m'mimba imodzi mumakhala ana a abambo osiyanasiyana, aliyense akukokera kwake. Bambo satayapo kanthu mayiyo akafooka.

Umboni unabwera mu 2002. David Reznick ndi anzake anapeza kuti m'gulu la nsombazi lotchedwa Poeciliopsis nsengwa inayambika katatu konse, paokhapaokha. Mwana wa Poeciliopsis retropinna amabadwa akulemera kuposa kadzira kake maulendo opitirira 100. Tangoganizani mayi wosaposa chala akudyetsa chotere!

Chimene chimandigwira mtima ine ndi cha mu 2014. Bart Pollux ndi anzake anaonetsa kuti nsengwa imasintha ngakhale amuna. Kumene kulibe nsengwa, yaikazi imayenera kusankha bwino isanakweredwe, n'chifukwa chake amuna amakhala a mawanga owala, ovinira akazi. Kumene kuli nsengwa, amuna ndi aang'ono, osaoneka bwino, a chipsepse chokwerera chachitali, ongozemberera yaikazi mwakuba. Zikuoneka kuti kusankhako kunasamukira m'mimba, kumene mayi angathe kupatsa mwana uyu zambiri n'kumumana uyo.

Ine ndikuona kuti Trivers sanalakwitse. Nsengwa ndi chingwe cha moyo, inde, komanso ndi pamene mayi, mwana ndi bambo amalimbirana chakudya.