Cecil Rhodes, phungu wa ku Cape amene anafikira Angoni a Mpezeni ali kutali

Angoni a kwa Mlonyeni ndi anthu a Mpezeni, koma popita ku mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni amayenera kudutsa pachipata cha Mwami ngati alendo. Mwa amene anabweretsa zimenezi muli munthu yemwe sanapondepo phazi ku Mchinji: Cecil Rhodes.

Anabadwira ku England mu 1853, ndipo anafika ku Natal ali ndi zaka 17 kudzalima thonje ndi mkulu wake Herbert. Thonjelo sanakhalitse nalo. Mu 1871 anali kale ku migodi ya dayamondi ku Kimberley, kugula maenje a anzake mmodzimmodzi, mpaka mu 1888 kampani yake ya De Beers inameza pafupifupi malonda onsewo. Herbert ndiye anafika kuno kwathu, nafera pa ngozi ya moto kufupi ndi Shire mu 1879.

Mu 1881 Rhodes analowa m'nyumba ya malamulo ya Cape ngati phungu wa Barkly West, ndipo mu 1890 anakhala nduna yaikulu. Malamulo ake ankakomera thumba lake. La Glen Grey la mu 1894 linaika msonkho wa mashereni khumi pa mwamuna wakuda yemwe sanapite kukagwira ntchito kunja kwa dera lake. Migodi inkafuna manja.

Kumpoto kuno ankayendetsa zinthu kudzera mu British South Africa Company, imene inkapatsanso boma la Harry Johnston ku Zomba mapaundi 10,000 pachaka. Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, anali ndi chikalata chonena kuti Mpezeni anam'patsa dziko lalikulu, ndipo mphekesera inali yoti muli golide. Chikalatacho chinathera m'manja mwa North Charterland, kampani imene British South Africa Company inalimo ndi gawo.

Anthu a kampaniyo atadandaula kuti Angoni awazinga, asilikali anachokera ku British Central Africa (Malawi ya lero) mu Januwale 1898 ali ndi mizinga ndi mfuti za Maxim. Mikondo sinaphule kanthu. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaomberedwa mu Febuluwale, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Mpezeni anasungidwa ku Fort Manning, komwe lero ndi Mchinji. Ncwala inazilala mpaka 1980.

Golide wochuluka uja sanapezeke. Rhodes anali atatula kale pansi udindo wa nduna yaikulu mu 1896 chifukwa cha chiwembu cholephera cha mnzake Jameson ku Transvaal, koma uphungu anafa nawo mu 1902.