Kuyambira pa Jeke Mpaka pa Omasulira: Mbiri ya Oonera Kanema ku Zambia ndi ku Malawi

Chanyanya ndi doko la asodzi lomwe lili ku Zambia, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, chakumadzulo kwa tauni ya Kafue, m'chigwa chachikulu chomwe chimasefukira madzi chaka ndi chaka, ndipo monga zimakhalira m'madoko a nsomba, anthu ake ndi ochokera kosiyanasiyana, kotero kuti Chinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo zomwe zimawalumikiza pa malonda ndi pa macheza. Anthu a m'malo otere, pamodzi ndi anzawo a m'makomboni a m'migodi ndi a m'misika ya kumidzi ku Malawi, ndiwo akhala oonera kanema ochuluka kwambiri m'maiko awiriwa, ngakhale kuti ambiri mwa iwo sanalowepo m'nyumba ya kanema ya mipando yofewa. Mbiri yawo ikusonyeza kuti chimene iwo ankakonda n'kuchisunga m'mutu sichinali nkhani yonse ya filimu kuyambira poyamba mpaka pothera, koma chigawo chimodzi chogwira mtima, munthu mmodzi wolimba, ndi mawu amene kawirikawiri sanatuluke pakamwa pa wosewerayo koma pakamwa pa womasulira kapena pa oonera anzawo. Khalidwe limeneli lili ndi zifukwa zake, ndipo zifukwazo zinayamba m'nthawi ya atsamunda.

Kanema anafika kwa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia, kudzera m'migodi ya mkuwa, komwe makampani anayamba kuonetsa mafilimu m'makomboni cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pofuna kuti antchito azikhala ndi chochita madzulo m'malo mopita kumowa. Dzina lomwe linafala linali bayisikopo, lochokera ku South Africa, komwenso mafilimuwo ankachokera atazungulira kale m'migodi ya ku Johannesburg. Amishonale sanakondwe ndi zomwe zinkaonetsedwa, ndipo J. Merle Davis wa bungwe la International Missionary Council, atafufuza za moyo wa m'migodi n'kutulutsa buku lake mu 1933, analimbikitsa kuti pakhale mafilimu opangidwira Aafirika eni. Zotsatira zake zinali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yomwe inachitika kuyambira 1935 mpaka 1937 ndi ndalama za Carnegie Corporation, motsogozedwa ndi Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham. Iwo anajambula mafilimu 35 ku Tanganyika ndipo anayenda nawo pa lole mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland, yomwe lero ndi Malawi. Popeza mafilimuwo analibe mawu, ndemanga zake zinkajambulidwa padera pa mbale za galamafoni m'zilankhulo zingapo, kuphatikizapo Chinyanja, Chibemba ndi Chitumbuka. Kuyambira pachiyambi penipeni, tsono, chithunzi ndi mawu zinafika kwa woonera wa kuno ngati zinthu ziwiri zolekana.

Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit, yomwe likulu lake linali ku Salisbury ndipo inkatumikira Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndi Alan Izod monga mkulu wake ndi Stephen Peet monga wojambula. Mafilimu ake oyamba analinso opanda mawu, ndipo nkhani zake zambiri zinkatsata njira imodzi, ya munthu womvera malangizo a boma amene zinthu zimamuyendera ndi munthu wosamva amene amathera m'mavuto. The Two Farmers inali ya alimi awiri otero, Mulenga Goes to Town inali ya mnyamata wa kumudzi amene tauni inamupusitsa mpaka anabwerera kwawo chimanjamanja, pomwe Lusaka Calling, yomwe anajambula Louis Nell, inkakopa anthu kuti agule wailesi yotsika mtengo ya Saucepan Special. Mafilimuwa ankayenda pa galimoto za boma zonyamula jenereta, makina oonetsera ndi chinsalu, ndipo pa galimoto iliyonse pankakhala womasulira, amene ntchito yake inali kufotokoza pa chimkuzamawu zomwe zikuchitika pa chinsalu. Akuluakulu a boma ankamupatsa mawu olembedwa kuti azitsata, koma womasulira waluso ankadziwa kuti khamu la anthu lokhala pansi usiku silingagwidwe ndi mawu owerenga, choncho ankathiramo nthabwala ndi miyambi yake, ndipo nthawi zina phunziro lomwe boma linkafuna linkasochera m'kuseka. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, gululi linasanduka cholankhulira cha boma la chitaganyacho, ndipo anthu ambiri anayamba kuzikayikira galimoto za kanemazo kufikira pamene chitaganya chinatha mu 1963.

Komabe mafilimu ophunzitsawa sanali amene anthu ankawathamangira. Umboni womveka bwino wa zomwe oonera ankakonda unasonkhanitsidwa ndi Hortense Powdermaker, katswiri wa ku America wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 ndipo anatulutsa buku lake Copper Town mu 1962. Iye ankatuma omuthandiza kuti akakhale pakati pa khamu m'bwalo la kanema la pamtetete la mgodi wa Roan Antelope ndi kulemba zomwe anthu ankalankhula filimu ili mkati, ndipo zomwe analembazo zikusonyeza kuti nkhani za ku Britain ndi zina zoyambirira anthu ankangozipirira podikira filimu ya akaboyi, ndiye kuti abusa a ng'ombe okwera pa akavalo a kumadzulo kwa America. Ngwazi ya filimu iliyonse yotere, kaya woisewera anali ndani, inkatchedwa Jack, dzina lomwe pakamwa pa ana linasanduka Jeke. Nkhonya zikayamba, amuna ankaimirira, kukunga zibakera ndi kuponya nkhonya m'malere motsanzira, akazi ndi ana akukuwa kumuchemerera Jeke, mwakuti mawu a Chingerezi a m'filimumo, omwe ambiri sankawamva n'kale, ankamira m'phokosolo. Koma mwamuna ndi mkazi akapsompsonana pa chinsalu, ambiri ankaona kuti n'zolaula, ndipo ankanena poyera. Wolemba mbiri Charles Ambler, m'nkhani yake ya mu 2001 yonena za oonera a ku Northern Rhodesia, anafotokoza za anyamata a m'makomboni amene ankayendayenda ndi zipewa zazikulu ndi timfuti tosema, akuitanizana dzina la Jeke lomwelo.

Azungu ambiri a nthawiyo ankati khalidweli ndi umboni woti munthu wakuda satha kutsata nkhani ya filimu, koma maganizo amenewa ankaiwala dala ntchito ya lumo la boma. Bungwe lounika mafilimu oonetsedwa kwa Aafirika linkadula chigawo chilichonse choonetsa akazi achizungu ovala mosadzilemekeza, njira zobera, kapena chilichonse chochepetsa ulemu wa mzungu, ndipo filimu yomwe inali itatha kale ndi kuzungulira inkafika ku Luanshya ili zidutswazidutswa. Munthu wopatsidwa nkhani yodukaduka, ya m'chilankhulo chachilendo, m'bwalo la anthu mazanamazana, sanalakwe posankha kugwira chomwe chinali chathunthu, chomwe ndi ndewu, liwiro la kavalo ndi kupulumuka kwa ngwazi, kenako n'kulumikiza zotsalazo ndi nzeru zake ndi za amene wakhala naye pafupi. Tsankho lolowera m'nyumba za kanema za m'matauni a Northern Rhodesia linathetsedwa ndi lamulo mu 1960, koma pofika nthawiyo kaonedwe ka kanema kolankhula, koyankha ndi kochemerera kanali katazika kale mizu.

Ufulu utabwera mu 1964, maiko awiriwa anayenda njira zosiyana. Ku Zambia wailesi ya kanema inali itayamba kale ku Kitwe mu 1961, ngakhale kuti kwa zaka zambiri inkafika kwa anthu ochepa a m'matauni a m'mbali mwa njanji. Ku Malawi boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo mu 1968 ndipo silinalole wailesi ya kanema, yomwe inadzayamba mu 1999, kotero kuti kupatula nyumba zochepa za kanema monga Apollo ku Blantyre, anthu ambiri ankaonera kanema pokhapokha galimoto ya boma kapena ya kampani yotsatsa malonda ikafika pa bwalo la sukulu.

Chomwe chinasintha zinthu kotheratu ndi tepi ya vidiyo. Kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo makamaka m'zaka za m'ma 1990 pamene malamulo a malonda anamasuka, mafakitale a boma n'kufooka, nyumba zambiri za kanema n'kutsekedwa kapena kusanduka matchalitchi, munthu aliyense wokhala ndi TV, deki ndi jenereta kapena batire la galimoto ankatha kutsegula vidiyo sho. Imeneyi ndi kanyumba ka bango, matabwa kapena mapepala apulasitiki akuda, kokhala ndi mabenchi otsika, kotsekedwa paliponse kuti kuwala kusalowe ndiponso kuti ana opanda ndalama asasuzumire, ngakhale kuti iwo sankalephera kupeza kabowo. Pakhomo pankapachikidwa chikuto cha tepi kapena bolodi lolembedwa ndi choko maina a mafilimu a tsikulo, ndipo sipika imodzi inkaikidwa panja dala kuti kulira kwa mfuti ndi kwa zibakera kuitane odutsa. Malonda otere ankayenda bwino paliponse pomwe ndalama imagwirika tsiku ndi tsiku, ndipo n'chifukwa chake misika, masiteshoni a basi ndi madoko a asodzi, komwe mnyamata amavuuka m'mawa n'kugulitsa nsomba zake dzuwa lisanakwere, anali malo ake enieni.

M'tinyumba timeneti Jeke anabadwanso ndi dzina lina, loti sitelingi, kutanthauza wosewera wamkulu amene filimu yonse yatsamira pa iye, ndipo lamulo lomwe mwana aliyense ankalidziwa linali lakuti sitelingi safa. Maina a mafilimu sankasungidwa kwenikweni. Anthu ankati akukaonera ya Bruce Lee, ya Rambo, ya Komando kapena ya Van Damme, ndipo Sylvester Stallone ndi Arnold Schwarzenegger ankadziwika ndi maina a m'mafilimu awo kuposa awoawo. Zigawo zomwe zinkakambidwa pobwerera kunyumba zinali zomwe sizifuna chilankhulo: Bruce Lee akulimbana ndi Chuck Norris m'bwalo lakale la Colosseum ku Rome mu The Way of the Dragon ya 1972, n'kumuzula cheya cha pachifuwa, kapena Schwarzenegger akutsika phiri atasenza chipika chathunthu paphewa kumayambiriro kwa Commando ya 1985. Ana ankatsanzira kulira kwa Bruce Lee pomenya, osati mawu ake. Mafilimu a ku India, monga Disco Dancer ya 1982 ya Mithun Chakraborty, analowa ndi nyimbo ndi magule, pomwe The Gods Must Be Crazy ya 1980 inkaseketsa ndi botolo la Coca-Cola logwa kuchokera m'ndege, ngakhale kuti kaonetsedwe kake ka anthu a ku Kalahari kadzudzulidwa kwambiri, ndipo moyenera.

Nkhani yathunthu inayamba kugwira mitima pamene pa chinsalu panaoneka mavuto odziwika. Neria, filimu ya ku Zimbabwe ya kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 yomwe nkhani yake analemba Tsitsi Dangarembga ndipo Oliver Mtukudzi anaseweramo ndi kuimbamo, inali ya mkazi wamasiye wolandidwa katundu ndi mlamu wake, chinthu chomwe ku Zambia chinali chitangochititsa kuti pakhale lamulo la chuma cha masiye la mu 1989, ndipo oonera sanafunikire wowauza amene anali wolakwa. Mafilimu a ku Nigeria, omwe chiyambi chawo amachiwerengera pa Living in Bondage ya 1992, anabweretsa ufiti, apongozi ankhanza, abusa ndi chuma cha magazi, ndipo amayi, omwe vidiyo sho ya nkhonya inkawapatula, anakhala oonera okhulupirika. Osewera a ku Nigeria Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme mpaka lero amadziwika ndi maina a Aki ndi Pawpaw.

Kompyuta itatsika mtengo m'zaka za m'ma 2000, womasulira wa pa galimoto ya boma uja anabwereranso, koma tsopano ali mnyamata wodzilemba yekha ntchito m'makomboni a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, amene amatsitsa mawu a filimu ya ku China, India, Korea kapena America n'kuikapo ake a Chichewa. Luso limeneli lilinso ku Uganda, komwe VJ Jingo anatchuka nalo, ku Kenya kwa DJ Afro, ndi ku Tanzania komwe Derek Gaspar Mukandala, wodziwika kuti Lufufu, anali mmodzi mwa oyamba. Womasulira wa Chichewa samasulira liwu ndi liwu: amapatsa osewera maina a kuno, amasandutsa mizinda yakutali kukhala misika yodziwika, amachenjeza sitelingi za mdani amene wabisala kuseri kwa chitseko, ndipo amalowetsamo chilankhulo cha achinyamata cha nyengoyo, kotero kuti mawu amene ana amabwereza pa masewero ndi a iyeyo, osati a amene analemba filimuyo. Mafilimu omasuliridwawa amawoloka malire kulowa ku Zambia ndi ku Mozambique, poyamba pa ma CD ndi ma DVD, ndipo tsopano pa mafulashi ndi mamemori khadi a m'foni.

Malondawa ali ndi mbali yake yovuta, chifukwa amachitika popanda chilolezo cha eni mafilimu, ndipo njira yomweyo yokopera motchipa imapweteka opanga mafilimu a kuno. Shemu Joyah wa ku Malawi, amene anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ya 2012 ndi The Road to Sunrise ya 2017, ndi Rungano Nyoni wobadwira ku Lusaka, amene I Am Not a Witch yake ya 2017 inapata mphoto ya BAFTA mu 2018, atamandidwa kwambiri m'zikondwerero za mafilimu za kunja, ndipo The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yomwe Chiwetel Ejiofor anajambula ku Kasungu ndi mawu ambiri a Chichewa, inafalitsidwa pa Netflix, yomwe imafuna intaneti ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi. M'misika ndi m'madoko, mafilimu amenewa amapikisana ndi filimu ya nkhonya yomasuliridwa, yomwe mtengo wake woikira m'foni ndi wochepa kuposa wa mulu umodzi wa nsomba zouma.