Mbiri ya Mpingo wa ku Kasungu

Misyoni ya ku Kasungu, m'dziko la Mfumu Mwase, inayambidwa ndi Dr George Prentice wa ku Livingstonia. Pamenepo Akhristu oyamba anamanga nyumba yopemphereramo ndi sukulu. Koma Livingstonia inali kutali, ndipo kumpotoko ankaphunzitsa m'Chitumbuka, pamene anthu a Mwase ndi Achewa. Chotero mu 1923 misyoniyo inaperekedwa m'manja mwa a ku Nkhoma, amene ankalalikira m'Chinyanja.

Kulekana kumeneku sikunakhalitse. Mu 1924 Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana nakhala mpingo umodzi, wa CCAP, ndipo Nkhoma inalowamo mu 1926. Motero Akhristu a ku Kasungu, osachoka pamalo pawo popempherera, anakhalanso mpingo umodzi ndi aja amene anawabatiza poyamba.