Anthu a ku Versova ndi Gombe Lawo

Mbiri ya lero yachokera kutali, ku mzinda wa Mumbai m'dziko la India, umene achikulire amaudziwa ndi dzina lakale la Bombay. Chakumpoto kwa mzindawo kuli gombe la nyanja yamchere lotchedwa Versova, lotalika makilomita awiri ndi theka, kumene asodzi a mtundu wa Koli akhala akukocheza mabwato awo kuyambira makedzana.

Pofika chaka cha 2015, mchenga wa pagombepo udali utakwiririka. Matumba a pulasitiki, mabotolo, nsapato zakutha ndi nsanza zidaunjikana kotero kuti m'malo ena mulu wake unkafika m'chiuno mwa munthu. Zambiri mwa zinyalalazi sizidatayidwe pagombepo ayi. Gombeli lili pamathiriro a khwawa la Malad, limene limalandira ngalande za madera a anthu ochuluka. Chimene munthu wataya kumtunda chimatsika ndi madzi, makamaka pa nyengo ya mvula yamphamvu ya June mpaka September, ndipo mafunde amachilavulira pamchenga.

M'mwezi wa October chaka chomwecho, loya wina wa mumzindamo, Bambo Afroz Shah, pamodzi ndi nkhalamba ya zaka 84 yoyandikana nawo nyumba, adavala magolovesi nayamba kutola zinyalalazo ndi manja. Kwa oona, ntchitoyo inkaoneka ngati kutunga madzi ndi dengu. Koma Bambo Shah adayenda khomo ndi khomo, kwa olemera ndi kwa okhala m'zisakasa za m'mbali mwa khwawa, kuitana anthu. Loweruka ndi Lamulungu lililonse chiwerengero chinkakula: kudabwera ana a sukulu, asodzi, amayi apakhomo, ngakhalenso akatswiri a kanema. Khonsolo ya mzinda idatumiza antchito ndi magalimoto onyamula zotoledwazo. Nkhalamba ija idamwalira ntchito isadafike pachimake.

Mu 2016 bungwe la United Nations lidapatsa Bambo Shah mphotho yotchedwa Champions of the Earth, ndipo lidati sipadachitikepo ntchito yoyeretsa gombe yaikulu chotero. Pofika May 2017, patatha masabata 85, anthuwa adali atachotsa zinyalala zolemera makilogalamu oposa 5 miliyoni. Nduna yaikulu ya dzikolo, Bambo Narendra Modi, idawayamikira pa pologalamu yake ya pa wailesi.

Komatu kutamandidwa pa wailesi sikunyamula zinyalala. M'mwezi wa November 2017 Bambo Shah adalengeza kuti aimitsa ntchitoyo. Adadandaula kuti anthu ena achipongwe ankatukwana odziperekawo, ndiponso kuti milu imene idatoledwa inkangokhala pagombe osachotsedwa. Apa ndipo padaonekera pamene pagona mphamvu ya anthu wamba ndi pamene yathera. Manja awo angatole, koma galimoto ndi dzala lotayirako zili m'manja mwa boma. Mbali imodzi ikagona, thukuta la mbali inayo limabwerera m'nyanja ndi mafunde oyamba. Nduna yaikulu ya chigawo cha Maharashtra, Bambo Devendra Fadnavis, idakumana nawo, ndipo patangopita masabata ochepa anthu adabwereranso pamchenga.

M'mawa wina mu March 2018, otola zinyalala adaona tiana ta akamba a m'nyanja, a mtundu wa Olive Ridley, tikukwawa kulunjika kumadzi. Tidali pafupifupi 80. Kamba wotere amafuna mchenga wofewa wokumbamo dzenje la mazira ake, ndipo padali patapita zaka ngati 20 asadaonekenso akuswa pa Versova. Odziperekawo adaima mozungulira kupirikitsa agalu ndi mbalame kufikira tonse tidalowa m'madzi.

Mu June chaka chomwecho boma la Maharashtra lidayamba kulanga ogwiritsa ntchito matumba a pulasitiki ndi ziwiya zina zongotaya zikagwira ntchito kamodzi. Bambo Shah ndi anzawo adalowera kumtunda, kukayamba kuyeretsa mtsinje wa Mithi, umene nawonso umatsanulira zinyalala za mzindawo m'nyanja.