Misampha ya malume ku Swang'oma

Mbalame ndinayamba kuziwerenga zili zakufa. Malume ankakocheza bwato dzuwa litakwera pang'ono, n'kukhuthula thumba pamchenga, ine n'kumaziika m'milu ya khumikhumi, miyendo itamangidwa ndi luzi. Zambiri zinali anadititi, timbalame ta miyendo yaitali toyenda pamasamba a m'madzi, ndipo tsiku lamwayi pankapezeka abakha a m'thengo awiri kapena atatu. Amayi a geni ankadikira pomwepo ndi mabeseni. Pofika masana zinali zitasosoledwa, zitawambidwa, zili pa njinga kupita ku Migowi. Ndalama imeneyo ndi imene inandigulira yunifolomu yanga yoyamba, ndiye pamene ndikulemba za kuteteza mbalame za ku Chilwa, mudziwiretu kuti wolembayo anakula ndi msuzi wake.

Kwathu ndi kumwera kwa nyanja ya Chilwa, mbali ya Swang'oma, m'boma la Phalombe. Nyanjayi imalandira madzi koma siitulutsa. Phalombe, Sombani, Likangala, Thondwe ndi Domasi yonse imathira m'menemo, ndipo madziwo amangochoka ndi dzuwa. N'chifukwa chake ndi amchere pang'ono, ndiponso ndi osaya, moti malo ambiri bwato umaliyendetsa ndi nsungwi yokankhira pansi. Kuzungulira madzi oyerawo kuli dambo lalikulu la njedza, ndipo m'njedzamo ndi m'mene muli chuma: matemba, makumba, milamba, komanso zisa zosawerengeka. David Livingstone anaiona nyanjayi mu 1859 ndipo anailemba kuti Shirwa. Agogo athu Achilomwe, pochoka ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, anafika kuno pambuyo pake, n'kupeza Amang'anja ndi Ayao akudya kale za m'dambomo.

Malume ankanena kuti pa ubwana wawo kutchera mbalame sinali ntchito yodalirika kwa munthu wamkulu. Anyamata ankapaka ulimbo pa timitengo, ena ankapota khonje n'kupanga makhwekhwe ochepa, kuti papezeke ndiwo yosinthira matemba. Mwamuna weniweni ankakhala m'zimbowera, tinyumba toyandama tija, kupha nsomba. Zinthu zinatembenuka mu 1968 pamene nyanja inauma. Asodzi anatsala ndi maukonde opanda ntchito, ndipo mbalame zinaunjikana m'timadziwe totsala. Ulusi wa nayiloni wa ukonde wakale suola m'madzi ngati khonje. Munthu mmodzi anayamba kutchera misampha mazanamazana pamzere umodzi, n'kumwaza mpunga pang'ono ngati nyambo. Madzi atabwerera, nsomba zinabwereranso, koma luso lija silinaiwalike.

Kuuma kwa 1995 ndinakuona ndi maso anga. Panali patangopita zaka zinayi chichitikireni napolo wa mu Marichi 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ndi anthu mazanamazana, ndipo mabanja ena anali asanaimenso bwino. Pansi pa nyanja panang'ambika ngati chidendene cha mlimi. Anthu ankapalasa njinga pamene kale pankadutsa mabwato. Chaka chimenecho ndi zotsatira zake aliyense anasanduka wotchera, ngakhale amene sankadziwa kusiyanitsa chisa cha tsekwe ndi cha kakowa. Ankatola mazira, ankagwira anapiye, ena ankayatsa njedza kuti mbalame zituluke. Malume zimenezi zinkawapweteka mtima. Ankati wotchera weniweni sagwira make ali pamazira, pakuti ukatero watchera chaka chamawa.

Nthawi yonseyi kunali anthu ena amene ankaziyang'ana mbalame zomwezi, koma ife sitinkawadziwa. Bungwe limene lero limatchedwa Wildlife and Environmental Society of Malawi, kapena kuti WESM, linayamba mu 1947 ndi dzina loti Nyasaland Fauna Preservation Society. Oliyambitsa anali azungu, ena mwa iwo alenje amene anaona kuti nyama zikutha, ndipo mtima wawo unali pa nyama zikuluzikulu za kuchigwa cha Shire, ku Lengwe, ku Mwabvi ndi ku Majete. Mbalame zinali ndi olemba ake. Charles Belcher anatulutsa buku la mbalame za mu Nyasaland mu 1930, ndipo C. W. Benson ndi mkazi wake anatulutsa lina mu 1977. Mabuku amenewa ndi amtengo wapatali, ndipo ndimawalemekeza. Koma kunena zoona, kwa zaka zambiri kuteteza nyama kunkafika kumudzi ngati lamulo loletsa, lolembedwa m'chinenero cha eni ake, ndipo munthu ngati malume ankaoneka ngati mdani wa zachilengedwe basi.

Chimene chinasintha nkhani ndi kuwerenga. Mu 1997 dziko la Malawi linalowa m'pangano loteteza madambo limene linasainidwa mumzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971, ndipo Chilwa anakhala dambo loyamba m'dziko muno kulembedwa m'panganolo. Ndi thandizo la boma la Denmark, akatswiri pamodzi ndi a nthambi ya ku Zomba ya bungwe lija, mmodzi wa iwo John Wilson, anayamba kuyenda m'madooko. Anapeza kuti nyanjayi imasunga mitundu ya mbalame pafupifupi 160, zina zochokera ku Ulaya ndi ku Asia zimene zimabwera kudzathawa chisanu cha kwawo. Anapezanso kuti otchera oposa 400 ankagwira mbalame zoposa 1 miliyoni pachaka, makamaka m'miyezi ya mvula, pamene nkhokwe zili gwa, makoka atsekedwa, ndipo mbalamezo zili pa kuswana. Njala ya munthu ndi chisa cha mbalame zinkakumana mwezi umodzi.

Ndimakumbukira tsiku limene mmodzi wa owerengawo anafika padooko pathu. Anali mnyamata wa Chimalawi, atakolekera m'khosi magalasi oonera patali, m'manja muli buku la zithunzi lonyowa m'mphepete. Anthu anabisa matumba poganiza kuti ndi wa boma. Iye anavula nsapato, n'kukhala pamphuno pa bwato la malume, n'kutsegula bukulo.

"Bambo, iyi mumaitcha chiyani kuno?"

Malume anayang'ana nthawi yaitali, pakuti anali asanaonepo mbalame itajambulidwa papepala. Kenaka anatchula dzina. Anawonjeza kuti chithunzicho ndi cha yaikulu, kuti yaing'ono imakhala yotuwa, kuti imaikira madzi akafika m'chiuno, ndipo analira kulira kwake ndi pakamwa mpaka ina inayankha m'njedza. Mnyamata uja ankangolemba. Atatha anandipatsa magalasi aja kuti ndione. Ndinaloza kumene kunali avuwo patali, ndipo mwadzidzidzi mmodzi anali pamphuno panga, thumba la kukhosi likugwedezeka, madzi akudontha kumlomo. Ndinabwerera m'mbuyo ndi mantha. Aka kanali koyamba kuona diso la mbalame yamoyo ili phee, yosadziwa kuti pali munthu.

"Mphwanga, bweza za eni," anatero malume, koma nawonso anapempha kuti aoneko.

Kukhalirana pansi kotereku ndi kumene kunabala makalabu a otchera mbalame, ndipo mu 2001 makalabuwo anapanga bungwe lawo lotchedwa Mwayi wa Mbalame. Pambuyo pake alenje a ku Denmark, kudzera m'bungwe lawo, anathandizapo pamodzi ndi WESM. Malamulo a makalabuwo anali oti wotchera aliyense angawamve: kupatula malo ena m'dambo kumene msampha sufika, kusiya mbalame pa nthawi yoswana, kusatola mazira, kulemba zimene wagwira, ndipo wophwanya akalipe kwa anzake ndi kwa mfumu. Ambiri mwa malamulowa malume ankawasunga kale pawokha. Chatsopano chinali chakuti tsopano anali ndi mphamvu youza mlendo wochokera kutali kuti pano ayi. Ine ndimaona kuti pa zonse zimene bungwe la WESM lachita kwathu kuno, chachikulu n'chakuti linaleka kumuona wotchera ngati wakuba, n'kumufunsa zimene akudziwa.

Sindinganame kuti zonse zinayenda. Njala ya 2002 inafika makalabu akadali akhanda, ndipo munthu amene ana ake agona ndi njala masiku awiri simungamuuze za malo opatulika. Ndalama za mapulojekiti zikatha, misonkhano imazilala, mabuku olembamo amadyedwa ndi chiswe. Nyanja inaphweranso mu 2012 ndi mu 2018, ndipo namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anasesa minda ya ku Phalombe, anthu n'kubwereranso m'njedza kukafuna ndiwo. Kumtunda nako mitengo ya m'phiri la Mulanje ndi Michesi ikutha, dothi likutsikira m'mitsinje n'kumakwirira nyanja. M'nkhalango za m'phiri la Mulanje muli kambalame kosowa kotchedwa Thyolo alethe, kamene alendo amaulukira kuchokera kutali kudzakaona, koma ana a m'munsi mwa phirilo ambiri sanakamvepo.

Malume anamwalira ali membala wa kalabu yawo. M'zaka zawo zomaliza maso anali atachita khungu pang'ono, sankapitanso m'madzi, koma anyamata ankabwera kudzawafunsa za malire a malo opatulika, iwo n'kumawatchulira mitengo ndi timitsinje pamtima. Januwale wapitayu ndinapita ku Swang'oma ndi mwana wa mchemwali wanga, nditabwereka magalasi kwa mnzanga. Madzi anali ambiri. Tinawerenga akakowa mpaka tinasokonezeka, nkhwazi ziwiri, nantchengwa mmodzi, ndi gulu la abakha limene linadzuka ndi likhweru lawo lija n'kukatera kuseri kwa njedza. Pobwerera tinakumana ndi mnyamata atanyamula thumba lonyowa paphewa. Anatipatsa moni, ife tinayankha, ndipo mphwanga anamufunsa dzina la mbalame ina yofiira mlomo imene tinaiona koma osaidziwa. Anatsitsa thumba lija pansi n'kuyamba kutifotokozera.