Chitofu Chazima, Kapena Mwachizimitsa?

Madzulo ena m'chaka cha 2022 ndinali kwa achemwali anga ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Inali nyengo ija magetsi ankasowa m'dziko lonse, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira m'mwezi wa Januwale, n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130. Mwana wa achemwaliwo, mtsikana wa Fomu 2, ankakazinga mandasi pa chitofu cha magetsi. Mandasi asanathe, magetsi anapita. Mayi ake ali pakhonde anafunsa mokweza mawu: "Iwe, chitofucho chazima?"

"Ee amayi, chazima."

Mtsikana uja anatenga mtanda wotsala n'kukaumalizira pa mbaula kuseri kwa nyumba, ndi poto wina. Chiwaya cha mafuta chinatsala pomwe chinali.

Kutada magetsi anabwera, ana a m'mudzimo anakuwa mokondwa monga amachitira, ife n'kupitiriza macheza. Chimene chinatidzidzimutsa ndi fungo. Polowa kukhitchini tinapeza utsi uli tolotolo, mafuta atayamba kuyaka m'chiwaya. Alamu anga anathamangira ndowa ya madzi, koma achemwali anawagwira mkono: "Bambo, madzi ayi!" Anazimitsa switchi yapakhoma, navundikira chiwayacho ndi chivundikiro chachitsulo. Lawi linafa. Khoma linatsala lakuda bii, ndipo katani yapawindo inawauka m'munsi.

Usiku umenewo mtsikana uja anadzudzulidwa, koma mtima wanga sunavomere. Mwanayo sananame. Anafunsidwa ngati chitofu chazima, ndipo chinalidi chitazima. Funso limene likanapulumutsa khoma lija silinafunsidwe: "Wachizimitsa?"

Amene tinaphunzira malamulo a Chichewa kusukulu tikukumbukira kuti pali mneni woyambukira ndi mneni wosayambukira. Kuzima ndi wosayambukira: nyali yazima, moto wazima, palibe dzanja la munthu limene likutchulidwa. Kuzimitsa ndi woyambukira, ndipo kachidutswa kakang'ono ka -its- kamene kalowa pakatipo kanyamula munthu wathunthu, amene wadzuka, wapita pachitofu, wapotokola batani mpaka pa 0. Ena amati kuthima ndi kuthimitsa, ndipo kusiyana kwake n'komweko. M'kalasi tinkaona ngati izi n'zongokhozera mayeso. M'khitchini ya magetsi kachidutswa kameneka ndiko kamatiuza ngati nyumba igone pamtendere kapena ayi.

Chifukwa chimene timasokonezera mawu awiriwa si ulesi. Chichewa chathu cha kuphika chinakulira pa mafuwa atatu, ndipo pamenepo n'cholemera zedi. Timakoleza moto, timasonkhezera, timauzira, timatereka mphika, timaphula, timasolola chikuni moto ukachuluka, timakapala moto kwa anansi, timakwirira makala ndi phulusa kuti m'mawa tisavutike. Mawu onsewa amanena za moto wooneka ndi maso, wokhala ndi utsi, umene mwini wake ali pomwepo. Pa mafuwa, moto ukazimiratu pamafunika munthu wogwada kuti uyakenso. N'chifukwa chake agogo athu sankaona vuto kufunsa kuti "wazima?" popeza yankho lake linali lokwanira. Koma magetsi a pa Nkula anayamba kupangidwa mu 1966, dzulodzuloli tikayerekeza ndi msinkhu wa chinenero, ndipo ngakhale lero mabanja ambiri ndithu m'Malawi muno amaphikirabe nkhuni ndi makala. Amene agula chitofu cha magetsi abwera nacho m'nyumba momwe makutu ndi malilime anazolowera mafuwa. Moto wa chitofuchi woukoleza ali kutali, ku Nkula, ku Tedzani, ku Kapichira, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ndipo sangadziwe chimene mwasiya pa puleti yanu. Akabweza mphamvu, puleti imene batani lake linatsala pa 5 imayambira pomwe inalekezera, kaya m'nyumbamo muli munthu kaya nonse mwapita ku tchalitchi.

Pachifukwa ichi ndimakonda mawu amene anthu anadzipangira okha akuti "magetsi apita" ndi "magetsi abwera". Ndamvapo ena akuwanyoza kuti si Chichewa chabwino, ati magetsi alibe miyendo. Ine ndimawaikira kumbuyo. Chopita chimabwerako, ndipo khutu la Mchewa likamva kuti "apita" limayembekezera kale kubwera kwake. Choyenera kuchotsa pakamwa pathu ndi chiganizo chakuti "chitofu chazima" pamene apita ndi magetsi. Chitofucho chikadali choyatsa. Tizinena chonchi: "Magetsi apita koma chitofu n'choyatsa, kazimitse."

Pali mneni winanso amene walowerera nkhaniyi, ndiye kutseka. Tinazolowera kunena kuti "tseka wailesi", "tsegula wailesi", ndipo pa wailesi palibe chimene chimaonongeka. Koma uvuni uli ndi chitseko. Mayi akauza mwana kuti "tseka uvuniwo", mwana womvera akhoza kukankha chitseko n'kubwerako, uvuni ukutenthabe mkati usiku wonse. Mwanayo wachita zimene wauzidwa. Pa chitofu, kutseka kukhale kwa chitseko chokha. Kwa mphamvu ya magetsi tili ndi kuyatsa ndi kuzimitsa, ndipo n'zokwana.

Tsopano kuzimitsako sikutanthauza kupola, ndipo apa ndi pamene ana ang'onoang'ono amapsera. Puleti yachitsulo yakuda ija imasunga kutentha kwa nthawi yaitali batani litabwerera kale pa 0. Ilibe lawi, ilibe utsi, siifiira ngati khala. Mwana amene taphunzitsa kuyambira akukwawa kuti "moto uwo, usagwire!" tikuloza lawi la pa mbaula, akayang'ana puletiyo saona moto uliwonse, ndipo amasanjikapo kadzanja kake. Zitofu zina zagalasi pamwamba zili ndi kanyali kapena chilembo cha H chimene chimayakabe mpaka malowo atapola, koma zambiri za mapuleti achitsulo zilibe chenjezo lotere. Chenjezo ndi pakamwa pa wamkulu. "Ndazimitsa" ndi uthenga umodzi, "papola" ndi uthenga wina, ndipo mwana ayenera kumva wachiwiriwo asanayandikire.

Ena amati tileke kunena kuti moto pokamba za chitofu cha magetsi, popeza palibe chikuyaka. Sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Mawu akuti moto ali ndi mantha ake amene tinayamwira, ndipo manthawo ndi chuma. Tikayamba kuuza ana kuti ichi ndi "kutentha" chabe, tawachotsera mpanda. Tiziti moto ndithu, kenaka tionjezere kuti uwu ndi moto wobisala. Ngakhale wophika wamkulu ayenera kuphunziranso tanthauzo la "kuchepetsa moto". Pa mafuwa mukasolola chikuni, phala limene limafuna kusefukira limakhala pansi nthawi yomweyo. Pa puleti yachitsulo mukachotsa batani pa 6 n'kuliika pa 2, chitsulocho chimatenga mphindi zingapo kuti chimve. Phala la nsima likayamba kuthovoka n'kumadumphira pamanja, mneni wofunika ndi wakale uja, kuphula: chotsani poto pa puletiyo kaye. Ubwino wake ndi wakuti kuchedwa komweku kumasunga mayunitsi. Wophika wozindikira amazimitsa nsima isanapsereretu m'mbali, n'kuisiya kuti imalizike ndi kutentha kotsalira.

Za madzi ndanena kale mmene achemwali anagwirira mkono wa amuna awo. M'maganizo athu moto ndi madzi zimayendera limodzi ngati nthenda ndi mankhwala ake, moti munthu akamva "moto!" miyendo imathamangira kumpopi mutu usanaganize. Pa chitofu cha magetsi chizolowezi chimenechi chimapha pawiri. Madzi akagwera m'mafuta oyaka amasanduka nthunzi mwadzidzidzi n'kumwaza mafutawo ali lawilawi kumaso ndi kudenga, ndiponso madzi amayendetsa magetsi kufika kwa wothirayo. Mawu oti azikhala pafupi m'khitchini ndi awiri: zimitsa, vundikira. Moto ukakhala mkati mwa uvuni, zimitsani ndipo chitseko chikhale chotseka kuti usowe mpweya. Madzi ali ndi ntchito yake pambuyo pake, pa thupi la amene wapsa: oyera, ozizira, oyenderera pabalapo kwa mphindi 20, osati mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira monga ambiri amachitira. Bala likakhala lalikulu, kapena wapsayo akakhala mwana, n'kuchipatala msanga. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli chipinda chapadera cha anthu opsa, ndipo amene analowamo kukazonda wodwala sachita chibwana ndi chigwiriro cha poto choloza kunja kumene mwana angachikoke.

Mawu amene amandiwawa koposa onse ndi akuti "kashoko". Mumva munthu akuti, "Chitofu changachi chimamenya kashoko ukagwira poto, koma ndinachizolowera." Shoko ndi mawu obwereka, ndipo kubwereka si tchimo: pulagi, soketi, fyuzi, uvuni, zonsezi tinazilandira ndipo zikutitumikira. Cholakwika ndi ka- wochepetsa uja amene tamuika kutsogolo, ngati tikunena za kansabwe. Chichewa chinali kale ndi njira yonenera zoona: kugwidwa ndi magetsi, kapena kugwidwa ndi nyesi. Mneni ameneyu anasankhidwa ndi anthu oona bwino, chifukwa magetsi amagwiradi. Akalowa m'dzanja minofu imakungika, zala zimafumbata, munthu n'kulephera kutaya chimene chikumupha. N'chifukwa chake wogwidwa ndi magetsi sakokedwa ndi manja. Mumathamangira kuzimitsa switchi yaikulu, ndipo ngati ili kutali mumamukankha ndi mtengo wouma.

M'mawaya a m'nyumba zathu mumayenda mavolti 230. Chitofu chimene chikuluma dzanja chikukuuzani kuti mphamvu imeneyi yadutsira ku chitsulo chakunja, mwina chifukwa waya wasupuka mkati kapena puleti yang'aluka n'kulowa msuzi, ndipo waya wa earth, wobiriwira ndi chikasu uja, amene ntchito yake ndi kutaya mphamvu yosocherayo pansi, waduka kapena sanalumikizidwe n'komwe. Lero mwamva kuluma pang'ono chifukwa munavala nsapato pa simenti youma. Mawa mudzagwira poto yemweyo ndi manja onyowa, opanda nsapato, mutangokolopa kumene. Palibe kashoko. Pali chitofu chimene chayamba kugwira anthu, ndipo chiyenera kuzimitsidwa pakhoma mpaka wodziwa atachiona.

Wodziwayo ndi ndani? Apanso lilime latipusitsa. Aliyense woyenda ndi pulayala m'thumba timamutcha "wamagetsi", ndipo dzinalo likangomukhala timamupatsa nyumba yonse. M'dziko muno zilolezo za ntchito yoika mawaya a magetsi zimaperekedwa ndi bungwe la MERA, ndipo si mwano kufunsa munthu kuti, "Achimwene, chilolezo muli nacho?" Nkhani yake ndi ya masamu osavuta. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito ili ndi fyuzi ya maampu 13, ndiye kuti imatha kunyamula mawati pafupifupi 3,000. Puleti imodzi yaikulu imadya mawati 1,500 kapena 2,000. Hotipuleti ya mapuleti awiri ili kale pafupi ndi malire, ndipo siyenera kugawana waya wa extension ndi ketulo kapena ayironi. Chitofu cha mapuleti anayi ndi uvuni chimapitirira malirewo kawiri kapena kuposa, choncho chimafuna waya wakewake wonenepa wochokera pa bokosi lalikulu, breaker yake, ndi switchi yake pakhoma pamalo ofikirika popanda kudutsitsa mkono pamwamba pa mapoto. Amene amasupula mawaya n'kuwalowetsa m'soketi, n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi, amati "ndangolumikiza". Kumeneko si kulumikiza. Pamene waya wagwira mosakhwima pamatentha, pulasitiki imasungunuka, ndipo moto umayambira m'khoma momwe simukuona.

Dzina la chipangizochi sindilimbana nalo kwambiri. Ena amati chitofu, ena mbaula ya magetsi, ambiri m'tauni amati kuka. Lotsirizali limandikumbutsa kuka ya kumudzi, nyumba ya mayi wamkulu kumene atsikana ankaphunzirira mwambo, ndipo sindiona choipa kuti mawu awiriwa akumane pakamwa pathu. Dzina silinapsereze munthu. Aneni ndiwo ali ndi moyo wathu m'manja.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Zitofu zimabwera ndi timabuku ta malangizo m'Chingerezi, pamene wophikapo tsiku ndi tsiku nthawi zambiri ndi mwana, wantchito wapakhomo kapena agogo amene abwera kudzachira m'tauni. Ogulitsa, aphunzitsi, aulutsi a pa wailesi, ndi akatswiri a ku Centre for Language Studies ku Zomba, amene analowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, angathe kutithandiza kuti malangizowa amveke m'Chichewa cholongosoka. Koma tisadikire iwo. Inu mayi, inu bambo, amalume ndi azakhali amene muli ndi chitofu cha magetsi m'nyumba, magetsi akapita usiku uno musafunse ngati chazima. Funsani kuti, "Wachizimitsa ndani?" ndipo musagone musanamve dzina la munthu.