Khasu Lathu Licokera Kuti?

Tonsefe tili ndi khasu m'nyumba. Ndi khasu tilima cimanga, nyemba ndi mbatata ya kacewere m'minda ya Angónia. Tikaliyang'ana bwino khasu logula ku sitolo, tiona zilembo zodindidwa pa citsulo. Ife amene taphunzira kuwerenga tikhoza kuziwerenga tsopano. Kawirikawiri zitiuza kuti khasulo lidasulidwa kutali, ndipo ndalama yathu idapita komweko. Kale sizinali conco. Makolo athu ankasula okha makasu ao, otsala nagulitsa kwa anthu a maiko ena. Tiyeni tione m'mene zidakhalira.

Ng'anjo za makolo

Anthu ofukula zakale apeza kuti kum'mwera kwa nyanja yaikulu, imene ife tiicha Niassa ndipo anansi athu aicha Malawi, anthu adayamba kusungunula citsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Amaravi, makolo a Acewa, Anyanja ndi Amang'anja, adali akatswiri a nchito imeneyi.

Nchitoyi inali yolemetsa. Poyamba amuna ankakumba miyala ya citsulo, naiphwanya kuti ikhale ing'onoing'ono. Ena ankadula mitengo yolimba ndi kuwocha makala. Kenaka ankaumba ng'anjo ya dothi, ndipo ng'anjo zina zinali zazitali kuposa munthu. M'munsi mwake ankalowetsa timipope ta dothi todzera mphepo. Ankathira makala, miyala, makala, miyala, mpaka ng'anjo itadzaza, ndipo moto unkayaka usana ndi usiku. Moto utazilala ankaturutsa cibuma cakuda, citsulo cosakanizika ndi zinyalala.

Cibumaco cinkapita ku cipala. Kumeneko mnyamata ankavukuta mvukuto wa cikopa ca mbuzi, wosula namenya citsulo cofiira pa mwala kufikira zinyalala zitacoka. M'cipala munkaturuka makasu, nkhwangwa, nsompho, mipeni, malumo, mivi ndi mikondo. Nchitoyi inali ndi miyambo yake. Pa masiku osungunula amuna ankagona ku ng'anjo, osalowa m'nyumba kwa akazi ao. Nzeru za ng'anjo sizinalembedwe m'buku. Mwana ankaziphunzira poona manja a akulu.

Makasu anali cuma

Khasu silinali colimira cokha. Linalinso ngati ndalama. Munthu wa makasu ankasinthanitsa ndi mcere, mbuzi, nsalu kapena mikanda. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka kunsi kwa mapiri a Dedza, kunali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. Yusuf Juwayeyi, katswiri wa ku Malawi wofukula zakale, adakumba pa malowo napeza zida za citsulo ndi za mkuwa, mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale zocokera ku China. Izi zitisonyeza kuti makolo athu ankacita malonda ndi anthu a kutali kwambiri.

M'caka ca 1831 msilikali wa Cipwitikizi, António Gamitto, adanyamuka ku Tete pa ulendo wopita kwa Kazembe. Adadutsa m'dziko la Amaravi ndi Acewa, ndipo adalemba za osula ao ndi makasu ao. Makasu a Amaravi ankatsikira ku Tete ndi ku midzi ina ya m'mbali mwa Zambezi. Tikumbukire bwino cimeneci: pa nthawi imeneyo minda ya Apwitikizi inkalimidwa ndi makasu osulidwa ndi anthu akuda.

Pambuyo pake kudabwera Angoni kucokera kum'mwera. Gulu la Zwangendaba lidaoloka Zambezi mu 1835. Gulu lina, la a Maseko, litayenda maulendo ataliatali, lidadzakhazikika ku phiri la Domwe ca m'ma 1870. Ndi cifukwa cake dziko lino lidalandira dzina lakuti Angónia. Nkhondo za masiku amenewo zidapasula midzi yambiri, koma cipala sicidafe. Ankhondo ankafuna mikondo, ndipo alimi ankafunabe makasu.

M'mene ng'anjo zidazimira

Mu 1891 Apwitikizi ndi Angerezi adagwirizana za malire, nadula dziko la Acewa ndi Angoni pakati. Abale ena adapezeka ali ku Nyasaland, ife tili ku Moçambique. Atsamunda adabwera ndi msonkho ndi cibalo. Amuna ambiri a ku Angónia adatengedwa kukadula nzimbe m'minda ya Sena Sugar Estates ku Luabo ndi ku Marromeu. Ena adathawira ku mafamu a ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni.

Ng'anjo imafuna manja ambiri kwa masiku ambiri: okumba, owocha makala, oumba, ovukuta. Amuna atacoka m'midzi, manjawo adasowa. Nthawi yomweyo m'makantini mudadzaza makasu a m'mafakitale a ku Ulaya. Zidutswa za zitsulo zakutha zidayambanso kupezeka, ndipo wosula adaona kuti kusula cidutswa cotola nkosavuta kusiyana ndi kusungunula miyala. Ku Kasungu, m'dziko la Malawi, ng'anjo zotsiriza zidayaka ca m'ma 1930. Kuno kwathunso zidazima, ndipo akulu odziwa kuziumba adapita nazo nzeru zao kumanda.

Atsamunda sadamange fakitale ya makasu kuno. Mafakitale a zitsulo adawamanga m'mizinda ya ku gombe, makamaka ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Kwa iwo Angónia inali nkhokwe ya anchito ndi ya cakudya. Anthu amene ankagulitsa makasu adasanduka ogula makasu.

Ufulu ndi nkhondo

Pa 25 Juni 1975 tidalandira ufulu. Vila Coutinho idakhala Ulónguè. Minda imene atsamunda adasiya idaphatikizidwa kukhala munda waukulu wa Boma, dzina lake CAIA. Kudabwera mathirakitala ndi makina ena ocokera kunja. Koma thirakitala ikathyoka kacitsulo kamodzi inkaima, kudikira kuti kacitsuloko kacokere kutsidya la nyanja. Pakutha pa zaka zowerengeka makina ambiri adangokhala pa dzuwa kucita dzimbiri, pamene mlimi wamba ankasowa ndi khasu lomwe m'sitolo. Phunziro lake ndi ili: makina opanda anthu odziwa kuwakonza pafupi sakhalitsa.

Kenaka nkhondo idafika m'dera lathu. Ca m'ma 1986 anthu ambirimbiri a ku Angónia ndi Tsangano adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Othawa nkhondo a ku Moçambique amene adakhala m'Malawi adafika pafupifupi miliyoni imodzi. M'zaka zowawa zimenezo, pamene masitolo adatsekedwa ndi miseu idafa, wosula wa m'mudzi ndiye adatithandiza. Ankatola zitsulo za magalimoto akufa nasula makasu, nkhwangwa ndi zikwanje. Okhoma zidebe ankapanga ndowa ndi mapoto ndi malata akale. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tidabwerera ku mabwinja athu, ndipo makasu otere adathandiza kuswa mphanje m'minda imene idamera thengo.

Cuma ca pansi pa nthaka ya Tete

Cigawo cathu ca Tete cili ndi zinthu zitatu zofunika popanga citsulo: magetsi, malasha ndi miyala ya citsulo. Damu la Cahora Bassa lidatha kumangidwa mu 1974, ndipo lipanga magetsi oposa mamegawati 2,000. Ambiri mwa magetsiwo akhala akugulitsidwa ku South Africa. Ku Moatize kampani ya ku Brazil, Vale, idayamba kukumba malasha mu 2011, ndipo mu 2022 idagulitsa mgodiwo kwa kampani ya Vulcan. Malasha ena a ku Moatize ndi a mtundu umene ugwiritsidwa nchito m'ng'anjo zazikulu zosungunulira citsulo. Sitima ya pamtunda iwanyamula kudzera m'Malawi kukafika ku doko la Nacala, kumene akwera zombo kupita ku mafakitale a maiko ena. Ku Tenge, kumpoto kwa mzinda wa Tete, kampani ya Baobab idafufuza miyala ya citsulo, nilemba mapulani a fakitale yosungunulira.

Zonsezi ndi cuma ca dziko lathu, ndipo tiyenera kuzidziwa ndi kufunsa za izo pa misonkhano. Koma fakitale yaikulu ifuna ndalama zambirimbiri ndi zaka zambiri. Akulu adati, fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Tiyeni tione cimene cili pa mphuno.

Osula a lero

Pa msika wa Ulónguè, wa Domwe, ndi m'misika ya m'malire monga Lizulu, timva nyundo kulira. Alipo okhoma ndowa, mbaula ndi zitini zothirira m'dimba. Alipo owocherera zitseko, mazenera ndi ngolo. Alipo okonza njinga, njinga zamoto, mapulawo ndi zigayo. Amenewa ndiwo adzukulu a osula a kale, ngakhale agwira nchito ndi citsulo cogula kapena cotola.

Ogula alipo, ndipo ndife tomwe. Angónia ndi dziko la ulimi ndi la ng'ombe. Mlimi wa kacewere afuna ngolo yotutira matumba kupita ku mseu. Mai wa dimba afuna citini cothirira. Mwini cigayo afuna munthu wa pafupi womkonzera cikaonongeka. Aliyense wofuna kuika ndalama zake pa nchito ya zitsulo kuno ayambire pamenepa, cifukwa mlimi akakolola amagula.

Nanga amisiri athu asowa ciani? Coyamba, magetsi. Makina owocherera safuna mvukuto, afuna magetsi, ndipo midzi yambiri ya kutali ndi mseu ilibe. Caciwiri, citsulo. Mmisiri wogula lata limodzi agula mokwera mtengo, koma amisiri khumi akasonkha ndi kuoda pamodzi ku Tete agula mochipa. Mutu umodzi susenza denga. Cacitatu, ngongole yogulira makina, yobweza pambuyo pa kukolola pamene alimi ali ndi ndalama. Cacinai, kuwerenga ndi kulemba.

Cacinaici cili m'manja mwathu. Mmisiri wodziwa manambala ayesa citseko ndi tepi, osaononga citsulo. Alemba m'kope mtengo wa lata, wa makala ndi wa ulendo, nadziwa phindu lake lenileni. Alemba maina a amene ali naye ngongole. Awerenga cikalata ca ngongole asanasaine. Alembanso miyeso ya ngolo yabwino, kuti wophunzira wake adzaipange iye atakalamba. Nzeru za ng'anjo zidatayika cifukwa zinali m'mitu ya akulu okha. Ife tili ndi pensulo. Tipite kwa osula okalamba a m'midzi mwathu, tikawafunse zimene adziwa, tizilembe.

Tikambirane

1. Kodi m'mudzi mwathu muli malo amene tipeza zinyalala zakuda za ng'anjo zakale? Akulu anena zotani za malowo?
2. Cifukwa ninji ng'anjo zidazima pa nthawi ya atsamunda?
3. Tilembe maina a zida zisanu za citsulo zimene tili nazo kunyumba. Ndi ziti zidapangidwa kuno, ndi ziti zidacokera kutali?
4. Amisiri a zitsulo a m'dera lathu angathandizane bwanji pogula citsulo?